Maso a Nkhono pa Msewu wa ku Nyanja

Mvula yoyamba ikangonyowetsa nthaka m'madimba a ku Katete, nkhono zimatuluka m'zinyalala momwe zinabisala chilimwe chonse. Mwana akaiona amathamangira kukaitola, ndipo nthawi yomweyo imalowa m'chigoba, n'kumusiya atagwira chinthu chozizira chopanda nkhope. Koma amene wakhala pansi osaigwedeza amaona mutu ukutuluka pang'onopang'ono, kenako tinyanga tinayi, tiwiri tatifupi m'munsi ndi tiwiri tatitali pamwamba. Kunsonga kwa tatitalito kuli timadontho takuda. Amenewo ndiwo maso. Makolo anaziona zimenezi kalekale n'kuzimanga m'mawu ochepa: kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mwambiwu amauzidwa mlenje wopupuluma, mnyamata wofunsira mbeta ndi woweruza amene akufuna kugamula mlandu asanamve mbali zonse. Koma nkhonoyo nayo ndi wapaulendo. Imayenda ndi nyumba yake kumsana, ndipo pomwe dzuwa laipezera ndi pomwe pali kwawo.

Anthu okhala m'mphepete mwa msewu wa Great East amawadziwa apaulendo a mtundu umenewo. Mabasi ochokera ku Lusaka amadutsa pa Sinda ndi pa Katete ali liwiro la mtondo wadooka, kuthamangira ku Chipata. Malole onyamula katundu amakhotera pa mphambano ya Katete kulowera ku Chanida, ku malire a Mozambique. Pakati pa zonsezi, nthawi yachilimwe, pamadutsa galimoto zina zoyenda modekha, zambiri za manambala a ku South Africa, zina zitasenza tenti padenga, zina zikukoka kanyumba ka matayala kokhala ndi mawindo, makatani, bedi ndi pophikira. Kanyumbako ndi kalavani. Eni ake amakhala akupita kukaona nyama ku Mfuwe kapena akutsikira ku nyanja ya Malawi. Mwambo woyenda chotere pofuna kungosangalala unayambira ku Britain, komwe mu 1885 dokotala wina wa ku Scotland, William Gordon Stables, anapangitsa ngolo yogonamo yokokedwa ndi akavalo n'kuitcha The Wanderer. Pofika 1907 okonda maulendo otere anali atakhazikitsa bungwe lawo. Ku South Africa mpaka lero mabanja ambiri amakoka makalavani mwezi wa December kupita m'matauni a m'mbali mwa nyanja yamchere.

Kalavani anaipangira banja la bambo, mayi ndi ana awiri ogona chipinda chimodzi. Banja la Chichewa silingakwanemo, ndipo vuto si kuchepa kwa malo kokha ayi. Mkamwini angagone bwanji pansi pa denga limodzi ndi apongozi ake? Mtsikana wotha msinkhu angayale mphasa pafupi ndi malume ake? Kumudzi nkhani zimenezi anazithetsa kale ndi kuka, gowelo ndi mphala. Choncho banja la ku Katete likaganiza zokaona nyanja, limanyamula nyumba m'njira yakeyake.

Limodzi mwa mabanja otere likhoza kukhala ili. Bambo ndi mphunzitsi amenenso amalima soya ndi mtedza, ndipo chaka chino zokolola zagulidwa bwino. Sukulu zatsekedwa kumayambiriro kwa August. Galimoto ndi Toyota Noah yogula kwa munthu, kumbuyo ikukoka kangolo kowotcherera pa Katete pomwepo. M'kangolomo muli matilesi awiri, mphasa, maneti a udzudzu, tenti yobwereka kutchalitchi, mbaula, thumba la makala, ufa woyera, mapoto, mthiko, chipande, zigubu za madzi, nthochi, ndi nkhuku ziwiri zomanga miyendo zokapatsa abale. Apongozi, amene ana amawatcha agogo, anakawatenga dzulo lake kumudzi kufupi ndi mishoni ya Nyanje ku Sinda. Iwo akhala mpando wakumbuyo kwenikweni, kutali ndi mkamwini amene ali pa chiwongolero, ndipo akafuna kuti galimoto iime sauza iye mwachindunji.

"Iwe NaBanda, tawauza bambo a anawa kuti miyendo yachita dzanzi."

Malume, mwini mbumba, akudikira pa Chipata atachokera ku Vubwi m'mamawa. Popanda iwo ulendo sukanatheka, chifukwa ndi amene akudziwa mudzi uliwonse komwe kuli wachibale woti n'kukagogoda.

Kuchokera pa Katete kukafika pa mchenga wa Senga Bay ku Salima ndi makilomita pafupifupi 350, pomwe kupita ku Lusaka ndi pafupifupi 500. Nyanja ili pafupi kuposa likulu la dziko. Komabe anthu ambiri a ku Katete, Sinda ndi Vubwi anafikako ku Lusaka kangapo, kukagula salaula kapena kukazonda odwala, koma nyanja amangoimva ndi kuilawa mu usipa wa pamsika. Chimawatchinga ndi mzere umene atsamunda anajambula pakati pa anthu a chilankhulo chimodzi, pamodzi ndi mapepala amene mzerewo umafuna.

Chaka chilichonse mzerewo umachita manyazi kamodzi. Loweruka lomaliza la August, ku Mkaika, kufupi ndi Katete, kumachitika mwambo wa Kulamba, pomwe mafumu a Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amabwera kudzapereka ulemu ndi malipoti a madera awo kwa Kalonga Gawa Undi. Mwambowu unatsitsimutsidwa mu 1984, ndipo mu 2007 atsogoleri a mayiko onse atatu, Levy Mwanawasa, Bingu wa Mutharika ndi Armando Guebuza, anakhala pamodzi pabwalopo. Sabata imeneyo msewu umadzaza ndi malole ndi mabasi ochokera ku Dedza, Dowa, Salima ndi Kasungu, atasenza ng'oma, nkhuni, ufa ndi mabulangeti. Anthu amamanga misasa ya udzu n'kuphika pamafuwa. Ulendo wa banja lathu lija ndi womwewo, kungoti walunjika kum'mawa, ndipo liyenera kubwerako alendowo asanafike.

Phunziro loyamba la kudekha lili pa Mwami. Kuyambira mu December 2022, pomwe Hakainde Hichilema ndi Lazarus Chakwera anatsegula chipata chatsopano cha Mwami ndi Mchinji, ntchito ya maofesi a mayiko awiriwa imachitikira pamalo amodzi, ndipo wapaulendo saimanso kawiri. Koma galimoto ili ndi mafunso ake: buku la umwini, kalata ya apolisi yotsimikiza kuti si yakuba, chilolezo choilowetsa m'dziko kwa kanthawi, ndi inshuwalansi ya COMESA imene madalaivala amaitcha yelo khadi. Kangolo nako kamafuna mapepala ake, zimene mphunzitsi wathu wazikumbukira ali pamzere. Mwana aliyense ayenera kukhala ndi chiphaso. Malume, ataima pamthunzi, amangopukusa mutu. Kwawo ku Vubwi, boma limene linadulidwa ku Chadiza mu 2012, chaka chomwe Sinda nayo inakhala boma payokha, malire amadutsa m'minda ndi m'madambo, ndipo maliro a tsidya lino amalira ndi a tsidya lija.

"Ine ku Malawi ndimapitako ndi khasu paphewa," amatero, "lero mukuti ndionetse chithunzi?"

Asanawoloke, thanki yadzazidwa pa Chipata, chifukwa zaka zapitazi mafuta akhala akusowa ku Malawi ndipo mizere pa malo omwetsera imatha kugoneka munthu. Ndalama nazo zasinthidwa. Mayiko onse awiri amati kwacha, koma timapepala tochepa ta ku Zambia tasanduka mpukutu wonenepa, makamaka chichokereni November 2023 pomwe kwacha ya Malawi inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Ana amayesa kuti bambo awo alemera, mpaka atamva mtengo wa chipisi pa Namitete.

Kuchokera ku Mchinji kudutsa Lilongwe dziko silisintha kwenikweni: minda ya chimanga yokololedwa, zigafa za fodya, ngolo za ng'ombe, mbewa zowamba zotungidwa pa timitengo. Agogo amangoti kuno ndi kwathu komwe. Kusintha kumayamba msewu wa ku Salima ukayamba kutsetsereka m'mapiri a Dowa. Makutu amatseka, majuzi amavulidwa, mphepo yolowa pawindo imafunda. Milambe imayamba kuoneka, kenako migwalangwa, minda ya mpunga ndi chinangwa, mizikiti, amuna ovala mikanjo pa njinga za kabaza. Munthu wothamanga amaona zonsezi ngati chiphwirikiti cha pawindo. Wodekha amaima pa Salima, kugula mpunga wa m'mbale, kufunsa njira ngakhale akuidziwa, n'kumva kuti wogulitsayo ali ndi mlongo wake wokwatiwa ku Chadiza.

Nyanja imabisala mpaka kumapeto. Pa Senga Bay galimoto imakhota pakati pa nyumba ndi mipanda, kenako balamanthu, madzi mpaka pomwe maso alekezera. Kutalika kwake n'kopitirira makilomita 550, ndipo kumpoto kuya kwake kumafika pafupifupi mamita 700. Wamng'ono pa anawo amafunsa kuti damu limeneli anakumba ndani. Agogo amavula nsapato, kuyenda mpaka pomwe mafunde akufika, kutunga madzi m'manja n'kulawa kuti atsimikize kuti alibe mchere.

Alendo ambiri amathera pomwepo: kusambira, kujambulitsa, kudya chambo, mawa lake kubwerera. Maso a nyanja amaoneka kwa amene wagona padoko la asodzi n'kudzuka nkhuku zisanatsike. Usiku wopanda mwezi, kutali pamadzi kumayaka mzere wa nyali. Kumeneko kuli siginala, munthu amene amakhala m'bwato ndi nyali zowala kuti usipa usonkhane pansi pake, pomwe alovi m'maboti awiri akuzunguliza ukonde wa chilimira. Kukamacha mabotiwo amafika pamchenga ndipo doko limadzuka nthawi imodzi. Amayi ogula nsomba amalowa m'madzi mpaka m'mawondo, mabeseni ali pamutu, mtengo ukukambidwa mokuwa. Usipa wina amauyanika waiwisi pa thandala la bango, wina amayamba aufutsa m'madzi otentha a mchere. Pofika masana thandala lonse limanyezimira, ndipo fungo lake limalowa m'zovala, m'matilesi ndi m'galimoto momwe, osachokamo mpaka ku Katete.

August ndi mwezi wa mwera, mphepo yochokera kumwera imene imautsa mafunde aakulu nthawi yozizira. Ukawomba, maboti amagona pamtunda masiku angapo, nsomba zimakwera mtengo, ndipo mlendo amene analipira boti loti limuzunguze pachilumba amauzidwa kuti adikire. Mphunzitsi amayang'ana wotchi, msodzi amayang'ana mtambo. Anthu a kunyanja sakangana ndi mwera. Amakumbukira sitima ya Vipya imene inamira mu July 1946 kumpoto kwa nyanjayi, anthu 145 n'kutsikira nayo.

Kumpoto kwa Senga Bay kuli chilumba cha Mbenji, komwe kudikira kunasanduka lamulo. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ufumu wa Makanjira wa ku Salima umatseka usodzi pachilumbachi nyengo ya mvula, kuyambira December mpaka April, kuti nsomba ziswane. Nyengo ikatsegulidwa pamakhala mwambo, ndipo asodzi okhala pachilumbapo amatsata malamulo okhwima, kuphatikizapo kuletsa mowa ndi juga. Pomwe madoko ena akudandaula kuti chambo chatha, utaka wa ku Mbenji umatchukabe ndi kukula kwake, mwakuti akatswiri a zausodzi amapita kukaphunzira kwa mfumu. Mlimi wa ku Sinda sazizwa nazo. Amadziwa chimene chimachitika munda ukalimidwa chaka ndi chaka osaupumitsa.

Kuchokera ku Salima msewu wa M5 umatsata nyanja mbali zonse ziwiri. Malume amaumirira kuti ayambe alowera kumwera, ndipo chifukwa chake amachinena atadutsa Chipoka, doko lomwe njanji imakumana ndi nyanja. Kufupi ndi Mtakataka, m'boma la Dedza, kuli malo otchedwa Mankhamba. Wodutsa pa liwiro saona kanthu koma minda, mitengo ya mango ndi mbuzi. Pamenepo ndi pomwe panali likulu la Kalonga, mfumu yaikulu ya Amaravi. Katswiri wofukula zakale, Yusuf Juwayeyi, anakumba pamalowa n'kupeza mikanda yagalasi yochokera kutsidya kwa nyanja yamchere, zidutswa za mbale zadothi za ku China, zinthu zamkuwa ndi zibangili za minyanga ya njovu. Anthu amene mabuku a atsamunda ankawajambula ngati otsekeredwa m'tchire ankachita malonda ofika ku Indian Ocean zaka mazana angapo Livingstone asanaione nyanjayi mu 1859.

Mbiri ya pakamwa imati ku Mankhamba komweko kunabuka kusamvana pa nkhani ya ufumu, ndipo Undi, m'bale wake wa Kalonga, ananyamuka ndi anthu ake kulowera kumadzulo. Anatenga amayi a banja lachifumu, kuphatikizapo Nyangu, amene mwa iye mumabadwa mafumu. Anakakhazikika ku Mano, m'dera limene lero lili m'chigawo cha Tete ku Mozambique, ndipo ufumu wake unafalikira mpaka kumadera a Katete ndi Chadiza. Likulu linasamukira mbali ya Zambia m'zaka za m'ma 1930. Umenewo unali ulendo wa banja wa mtundu wina: amayi atasenza mbewu ndi miphika, ana kumsana, kumanga misasa, kulima nyengo imodzi kapena zingapo, kenako kupitirira. Mtunda umene Noah yaudya masiku awiri, makolowo anauyenda mibadwo.

Malume amaimitsa galimoto, kutsika, kuvula chipewa. Palibe chipilala chachikulu choti ajambulitsepo. Amaitana adzukulu ndi ana a mlongo wawo n'kuwafunsa mmodzimmodzi mfunda wake ndi wa amayi ake. Wamkulu, amene ali sekondale, amayankha akuseka, koma foni waiika m'thumba.

Pafupi pomwepo pali mishoni ya Mua, imene ansembe a White Fathers anaikhazikitsa mu 1902. Mu 1976 Bambo Claude Boucher, wansembe wochokera ku Canada, anayambitsapo malo a zaluso ndi chikhalidwe a Kungoni, ndipo m'nyumba yosungiramo zakale ya Chamare muli mbiri ndi miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Chipinda cha Achewa chili ndi nkhope za gule wamkulu mazanamazana. Alendo ochokera kunja amasangalala nazo kwambiri, makamaka chichokereni 2005 pomwe UNESCO inalemekeza guleyu ngati chuma cha anthu onse. Kwa munthu wa ku Katete chipindachi n'cholemera mwina. Kwawo zilombo zimatuluka kudambwe, fumbi lili koboo, amayi akuimba ndi kuthawa, ndipo za kumeneko sizikambidwa pagulu. Apa zili duu, ana osameta akuziloza ndi chala. Agogo amafunda chitenje kumutu n'kutuluka kukakhala panja. Malume amazungulira chipinda chonse manja ali kumbuyo, osanena kanthu, ndipo mwana akawafunsa dzina la chilombo china amangoti, "Udzafunse ukadzakula." Madzulo, ali pa mbaula, amavomera kuti zina mwa nkhopezo anaziona komaliza ali mnyamata, ndipo kwawo palibenso amene amazidziwa. Ngati kuzisunga motero n'kwabwino kapena ayi, iwo ndi mkamwini wawo amakambirana mpaka makala kuzima, osagwirizana.

Usiku umenewo amagona kwa msuweni wa malume. Nkhuku imodzi yaperekedwa, eni nyumba apha yawo. Agogo ndi atsikana alowa m'nyumba, anyamata ndi malume m'tenti, mphunzitsi wagona m'galimoto atagwetsa mipando. Mmodzi yekha ndi amene tchuthi sichinamufike. Mayi wa anawo ndiye woyamba kudzuka ndi womaliza kugona: kusonkha moto, kuphika phala, kutsuka mapoto, kuchapa, kuwerenga maneti, kusamalira mankhwala a agogo. Nyumba ikayenda, ntchito za m'nyumba zimayenda nayo, ndipo zimagwera yemwe uja. Tsiku lachinayi amanena poyera.

"Bambo a ana, inu mwabwera kudzaona nyanja. Ine ndabwera kudzaphikira pa mchenga?"

Kuyambira pamenepo mwana wamwamuna wamkulu amaphunzira kuvundula nsima, ndipo ya tsiku loyamba ili ndi mibulu imene agogo amaitchula ulendo wonse.

Ku Monkey Bay, ngati tsiku lagwirizana, amaiona Ilala ili padoko, sitima imene zitsulo zake zinapangidwa ku Scotland n'kudzalumikizidwa pomwepo, ndipo yakhala ikunyamula anthu, mbuzi ndi matumba a chimanga kuyambira 1951. Kuseri kwa mapiri kuli Cape Maclear ndi mudzi waukulu wa Chembe, m'kati mwa Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984 chifukwa cha mbuna, tinsomba tamitundumitundu ta m'miyala tosapezeka kwina. Amishonale a Livingstonia anayamba kumanga pano mu 1875. Malungo anawaonetsa kuti anafulumira kusankha. Anasiya manda pansi pa phiri n'kusamukira ku Bandawe mu 1881.

Pano mwambi uja umaluma. M'madzi oyera mbee a pagombe muli nkhono zing'onozing'ono zimene palibe mlendo amaziyang'ana, ndipo zina mwa izo zimasunga tizilombo ta likodzo. Munthu wodwala akakodza m'madzi, mazira amaswa, tizilombo timalowa m'nkhono, timachulukana, kenako timatuluka n'kuboola khungu la wosambira kapena wochapa. Sipamveka kupweteka. Patapita masabata kapena miyezi, mkodzo umayamba kutuluka ndi magazi. Ofufuza anapeza kuti ku Chembe matendawa anakula pomwe nsomba zodya nkhono zinachepa chifukwa cha kukokolola ndi makoka m'madzi osaya. Mankhwala alipo, praziquantel, omwenso ana amalandira m'sukulu za ku Eastern Province, poti madamu ndi madambo a kwawo nawo ali ndi nkhono zomwezo. Kuletsa mwana kusambira atayenda ulendo wonsewu n'kosatheka. Mayi amangolemba tsiku pa foni kuti akadzabwerera adzapite nawo onse kukayezetsa ku St Francis, chipatala chachikulu cha pa Katete.

Atabwerera kumpoto n'kudutsanso Salima, msewu wa ku Nkhotakota umawaphunzitsa kuyenda mwaulemu. Ndi makilomita opitirira pang'ono 100, koma muli maenje, milatho yopapatiza, njinga zosenza makala ndi malole a shuga ochokera ku Dwangwa. Mvula ikachuluka mitsinje yotsika m'mapiri imadula msewuwu, ndipo mu 2024 nyanja yeniyeniyo inakwera mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo m'magombe ambiri. Pa mlatho wa Chia anyamata amaimika nsomba m'mwamba kuitanira ogula, ndipo galimoto zimachoka pamenepo chambo chikulendewera pagalasi lam'mbali kuti chipitidwe mphepo. Ku Nkhotakota nsima ndi ya kondowole. Agogo amaitema, kuikoka, kuiyang'ana, n'kufunsa mwaulemu ngati ufa wa m'kangolo unatha.

Tauniyi ili ndi mbiri ya maulendo amene palibe anawasankha. M'zaka za m'ma 1840 Mswahili wina, Salim bin Abdallah, anakhazikika pano n'kuyamba ufumu wa a Jumbe. Minyanga ya njovu ndi anthu ogwidwa kumtunda ankasonkhanitsidwa pagombe, kuwolotsedwa pa zombo zamatanga kupita tsidya la kum'mawa, kenako kuyenda pansi miyezi ingapo mpaka ku Kilwa. Anali zikwizikwi chaka ndi chaka, ndipo ambiri ankafera m'njira. Livingstone anafika pano m'zaka za m'ma 1860 n'kukambirana ndi Jumbe pansi pa mkuyu umene anthu amauonetsabe, koma malondawo anapitirira mpaka m'zaka za m'ma 1890, pomwe boma la Harry Johnston linachotsa Jumbe womaliza n'kumutumiza ku Zanzibar. Pafupi ndi mtengowo pali tchalitchi cha Anglican momwe munaikidwa Bishopu Chauncy Maples, amene anamira m'nyanjayi mu 1895.

Njira imene ogwidwawo ankadzera pochokera kumadzulo inkadutsa kwa Mwase ku Kasungu, ndipo mizu yake inkafika ku chigwa cha Luangwa. Ambiri mwa iwo ankalankhula chilankhulo chomwe banjali likulankhula pansi pa mkuyuwo. Mphunzitsi, amene wakhala akuphunzitsa mutu umenewu m'kalasi zaka zambiri kuchokera m'buku, amapeza kuti alibe chowonjezera. Amene amalankhula ndi agogo. Amakumbukira kuti agogo awo ankatchula m'bale wina amene anapita kukatunga madzi osabwerako, ndipo dzina lake linapatsidwa kwa mwana wina kuti lisatayike. Ana aja anali asanaimvepo nkhaniyi. Kumudzi sinkabwera chifukwa panalibe choikumbutsa.

Ana akufuna kupitirira mpaka ku Chintheche ndi Nkhata Bay, koma mpukutu wa ndalama uja waonda, ndipo masiku a Kulamba ayandikira. Kudekha nako kuli ndi mtengo wake: tsiku lililonse lowonjezera ndi makala, ndiwo ndi malo ogona, pomwe kumudzi mbewu ndi feteleza wa chaka chamawa zikudikira thumba lomwelo. Amakhotera kumadzulo pa msewu wa M18, umene umakwera mapiri kudutsa m'nkhalango ya Nkhotakota. Bungwe la African Parks linayamba kuisamalira mu 2015, ndipo mu 2016 ndi 2017 linasamutsiramo njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete. M'nkhalangomo galimoto siithamanga ndipo munthu satsika. Ndowe zatsopano zili pamsewu, nthambi zothyoka zili mbali zonse, ana akanikiza mphuno pagalasi, koma njovu yeniyeni amaiona agogo okha, kumpando wakumbuyo kuja, onse atayang'ana kutsogolo. Mpaka lero ena m'banjamo amakayika.

Kuchokera ku Kasungu msewu umatsikira ku Kamwendo, kenako Mchinji, Mwami, Chipata. Kangolo kabwerera kolemera kuposa popita: thumba la usipa, mpunga, malambe, mphasa zatsopano, ndi mabotolo awiri a madzi a m'nyanja amene agogo akuti akaonetse anzawo a kumpingo ku Nyanje. Usipawo umagawidwa m'timbale kwa anansi onse, chifukwa wobwera kuulendo salowa m'mudzi chimanjamanja.

Patangopita masiku atatu foni ya malume imalira. Ndi bambo wa ku Nkhotakota amene anawalola kuimika tenti pabwalo pake n'kukana kulandira ndalama. Akuti gulu la kwawo lapeza lole yopita ku Mkaika, ndipo iye akubwera ndi akazi ake, alamu ake awiri ndi ana, onse pamodzi anthu 9. Akufunsa ngati pa Katete pali pogona.

Malume amayang'ana mkamwini, mkamwini amayang'ana mkazi wake. Agogo, amene amva zonse ali pakhonde, ayamba kale kulamula: anyamata akadule udzu wa msasa, atsikana aviike chimanga cha thobwa, ndipo wina apite kutchalitchi akanene kuti tenti ija ibwezedwa mwezi wamawa.